Kukwera Phiri la Zomba ndi Kompyuta ya ku Joni

Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Zomba ndi ulendo woti ukanyamuka utamwa tiyi, nkhomaliro umakadyera kwanu. Ine ulendo womwewo ndinagona nawo panjira, ndipo mpaka lero munthu akayamba kuyamikira galimoto zoyendera kompyuta, ndimangodzuka n'kuchokapo.

Ntchito yanga inali yotsitsa matabwa paphiri la Zomba ndi pikapu yanga yakale. Ocheka matabwa m'nkhalango ya paini ankaunjika katundu wawo m'mbali mwa msewu, ine n'kumatsitsira kwa akalipentala ndi ogulitsa m'tauni. Mkulu wa ochekawo anali che Saidi, munthu wosalankhulitsa koma wosabweza mawu. Paphiri pali kachitidwe kake: akatsegula malo atsopano ocheka, galimoto yomwe yanyamula mulu woyamba ndiyo imanyamula mpaka malowo atatha. Kwa zaka zambiri galimoto imeneyo inali yanga, ndipo ana anga ku Chikanda ankadya ndi kuphunzira chifukwa cha matabwawo.

Injini yakale itatopa n'kuyamba kugogoda, ndinagula ina yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan. Inali yooneka bwino, koma titaimanga inakana kulira. Amakaniko a pa Zomba anaizungulira, kenako anandiuza kuti injini zimenezi zilibe kabuleta, mafuta ndi moto zimalamulidwa ndi kompyuta, ndipo kompyuta yake imangomvera kiyi wake amene anatsala ku Japan konko. Mmodzi anandilozera kwa a Gondwe a ku Lilongwe, omwe anagwirapo ntchito m'galaja ku Joni. Akuti iwowo amamanga kompyuta ina yosafunsa kiyi. Ndinakweza pikapu pa lole yomwe inkabwerera ku Lilongwe yopanda katundu, ine n'kutsala ndikudikira.

Ndikudikira choncho, che Saidi anaimba foni.

"A Makwinja, malo atsopano aja tatsegula, matabwa ali pamulu. Ogula akufuna katundu Lachisanu m'mawa. Mukapanda kuoneka ndiitana a Bwanali a ku Songani ndi lole yawo. Ndiye mukudziwa nokha, akalowa alowa."

"Ndifika, che Saidi."

"Ine ndanena," anatero, n'kudula.

Ndinakwera minibasi tsiku lomwelo. Za ulendo wopita ndilibe chokumbukira, kupatula thumba la usipa wouma la mayi wina lomwe linali pamiyendo panga kuyambira pa Liwonde.

A Gondwe ndinawapeza atalowetsa mutu pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja. Anali munthu wamfupi, wonenepa, wokonda kuseka asanamalize nkhani. Kompyuta yomwe ndinagulitsira mbuzi ndi wailesi ya m'nyumba inali kabokosi kakuda kokwana m'thumba la jekete. Mawaya anali balala, ena opita ku injini, wina wopita ku laputopu yawo. Laputopuyo batire lake linafa kalekale, ndiye inkayamwa moto kubatire la galimoto kudzera m'kachipangizo kena kolira ngati udzudzu.

Anandionetsa timabokosi ta manambala todzaza galasi lonse la laputopuyo. "Apa ndi mafuta, apa ndi moto wa mapulagi. Kabokosi kalikonse kakuimira mmene injini ikuthamangira ndi mmene phazi lanu lapondera. Kompyutayi imabwera m'mutu mulibe kanthu, akulu. Zonse timachita kuiphunzitsa."

"Ndiye mwamaliza kuiphunzitsako?"

"Kumaliza kwake n'kuyenda nayo. Itaima pano singaphunzire chitunda."

Anandiuzanso, akuseka, kuti pali kachipangizo komwe amalowetsa mu ekizozi kuti kaziwauza ngati mafuta achuluka kapena achepa, koma kawo kanapsa ndipo katsopano kanali kasanafike kuchokera ku Joni. Tiyendera mphuno, khutu ndi mtundu wa mapulagi. Ine sindinaseke nawo. Tinagwirizana kuti apite nane mpaka pamwamba pa phiri, ine ndikuyendetsa, iwo laputopu ili pamiyendo.

Tinanyamuka Lachitatu m'mawa. Mpaka kutuluka mumzinda pikapu inkayenda bwino moti ndinayamba kuimba kanyimbo. Tisanafike pa Nathenje inadzidzimuka, kuphulika kumbuyo, n'kuzima. Pagalasi la laputopu nambala ya liwiro la injini inkadumphadumpha ngakhale pamene sitata inkazungulira mofatsa. A Gondwe anafufuza mpaka anapeza kuti waya wa sensa yomwe imauza kompyuta pamene injini yafika unagona pamodzi ndi mawaya a mapulagi, ndiye unkatola moto wa eni ake n'kumanamiza kompyuta. Anausuntha, kuukulunga n'kuumanga ndi mphira ya chubu. Nkhani ya mphindi zochepa poifotokoza, koma tinachoka pamenepo dzuwa litatentha kale.

Pokwera zitunda za ku Dedza pikapu inayamba kulemera. Kumbuyo kunkatuluka utsi wakuda, muvi wa mafuta ukutsika ndikuuona.

"Pondani. Siyani. Pondaninso pang'ono. Gwirani pomwepo!" A Gondwe ankalamula maso ali pagalasi, zala zikugogoda. Akuti kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndiye mafuta aja achuluka, tichotseko. Anachotsa, pikapu n'kupepukadi. Pa rodibuloko wapolisi anasuzumira, kuona mawaya ochokera pansi pa chiwongolero kupita pamiyendo pa a Gondwe, n'kufunsa kuti, "Kodi galimotoyi ili pa diripi?" A Gondwe anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinangopereka laisensi.

Pa Lizulu tinatenga mayi wina wa matumba a kabichi wopita ku Balaka, kuti atithandize pa mafuta. Anakhala pakati pathu, chigongono cha a Gondwe chikumugunda nthawi iliyonse akamasintha nambala. Poyamba ankafunsa mafunso. Titaima kachiwiri kuti tione mapulagi, anasiya kufunsa n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Pa Ntcheu tinalowa mafuta atatsala a m'paipi. Inali nyengo ija petulo ankasowa, ndipo mzere unayambira pa filing'i siteshoni mpaka kukhotera kuseri kwa magolosale. Tinaima. Kutsogolo kwathu kunali minibasi yopanda anthu, dalaivala atagona pampando wakumbuyo mapazi ali pawindo. Mzere ukasuntha tinkakankha ndi manja kuti tisawononge otsalawo. Anthu ankauzana kuti galimoto ina ya thanki ya mafuta ikubwera, wina akuti yadutsa pa Balaka, wina akuti yaima pa Dedza. Ndinadya chimanga chootcha. Maso anga anali padzuwa, ndipo mumtima ndinkangoona mulu wa matabwa uli m'mbali mwa msewu paphiri.

Mayi wa kabichi uja anapirira mpaka mithunzi itatalika. Kenako anatsika, kuitana wanjinga n'kuyamba kutsitsa matumba.

"Bambo, musandikwiyire. Kabichiyu afotera pano. Galimoto yanuyi Mulungu aikhudze."

Titatsala pang'ono kufika pa pampu, mnyamata wothira mafuta anakweza manja n'kunena kuti atha. Tinakagula a m'zigubu kuseri kwa msika, pamtengo womwe sindifuna kuukumbukira, ndipo tinagona pa Ntcheu pomwepo m'nyumba ya alendo.

Lachinayi kunacha ndi chisanu cholowa m'mafupa, pikapu n'kukaniratu kulira. A Gondwe anakanda mutu. "Iii, kuzizira sindinaiphunzitse. Ku Lilongwe tinkailiza kutafunda." Injini yozizira imafuna mafuta owonjezera, ndiye anayamba kuwonjezera pang'onopang'ono, ine ndikupotokola kiyi. Sitata inayamba mwamphamvu, kenako n'kumakoka ngati munthu wodwala chifuwa. Mwayi wake pamalopo panali potsetsereka, ndipo amuna ena opita kumsika anatikankha mpaka inalira.

Kutsika kupita ku Balaka inayenda bwino, moti a Gondwe anatseka laputopu n'kuyamba kundifotokozera za ku Joni. Koma titayandikira Liwonde, kutentha kuja kwa kuchigwa kutatipeza, injini inayamba kulira ngati timiyala m'chitini nthawi iliyonse ndikaponda. Muvi wa kutentha unakwera. A Gondwe anandiuza kuti ndiime msanga injini isanaonongeke, ndipo tinaima pansi pa mtengo titangowoloka mlatho wa Shire.

"Kuno mpweya ndi wolemera, mafuta achepa," anatero. "Tiwonjezere."

"Ku Dedza tinachotsa, kuno tikuwonjezera. Ndiye kuti ndizikhala nanu m'galimoto moyo wanga wonse? Ine ntchito yanga ndi kukwera ndi kutsika phiri, a Gondwe!"

Kwa nthawi yoyamba sanaseke. Anati kompyutayo imayenera kuzindikira yokha kusintha kwa mpweya kudzera m'kapaipi kakang'ono kochokera ku injini, ndipo zimene inkachitazi sizinali zoona. Anatsatira kapaipiko ndi zala mpaka kuseri kwa injini. Kanali kong'ambika pansi, pomwe diso silifika. Kuyambira ku Lilongwe kompyuta inkamva zabodza, ndipo manambala onse omwe tinaiphunzitsa panjira anali omangidwa pabodza lomwelo.

"Ndiye?" ndinafunsa.

"Ndiye tiyambirenso."

Ndinakhala pansi m'fumbi momwemo. Kunena zoona ndinafuna kulira, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Tinadula kapaipi ka madzi otsukira galasi n'kuika m'malo mwake. A Gondwe anakhala m'galimoto thukuta lili kamukamu, akulemba manambala atsopano mongoganizira, laputopu ikuyamwa batire injini ili chozima. Ogulitsa nsomba ankabwera, kutiyang'ana, n'kubwerera osatsatsa n'komwe. Kenako tinayamba kuyenda kamtunda, kubwerera, kumasula pulagi, kuiyang'ana, kuinunkhiza, kuyendanso. Anthu a pa Liwonde anatizolowera moti wakabaza wina ankatiimika dzanja tikamadutsa.

Tinachoka dzuwa litapendeka. Machinga, Malosa ndi Domasi ndinadutsa osaziona. Pa Songani ndinaona lole ya a Bwanali itaima pambali pa msika, yotsukidwa bwino, zingwe zomangira katundu zitakulungidwa kale pamwamba. Sindinawauze a Gondwe.

Ku Chikanda tinalowa kukuyamba kuda. Mkazi wanga, make Tadala, anatilandira osafunsa kanthu. Anatenthetsa madzi, kupatsa mlendo malo, kenako anandiitanira kuseri.

"Ikwera?"

"Ikwera."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kubwerera kukhitchini. A Gondwe anapempha kuti tiwonjezere tsiku limodzi, tiyesere kaye zitunda za m'tauni, chifukwa kukwera kwa giya yoyamba phazi lili pansi kompyuta inali isanakuonepo. Ndinaimbira che Saidi. Anati ogula abwera kale kuchokera ku Blantyre ndipo agona m'tauni, mawa ndi mawa basi.

Lachisanu tinayamba kukwera m'bandakucha. Tinadutsa maofesi akale a boma, msewu n'kuyamba kupindika. Amuna a nkhuni anali akutsika kale ndi njinga zawo, mitolo yotalika kuposa iwo eni, akukoka mabuleki ndi mphamvu zonse. Ena ankandidziwa ndipo ankakuwa, "Yadzuka, a Makwinja!" Makona oyambirira inakwera bwino. Nkhungu inali itaphimba tauni kumunsi, fungo la paini likulowa pawindo, ndipo kamtima kanayamba kubwerera m'malo.

Pakona ina yothina, pomwe msewu umaimirira zenizeni, ndinabweza giya yoyamba n'kuponda mpaka pansi. Injini inatsamwa, kugwedezeka, n'kuzima. Ndinakoka handibuleki, a Gondwe n'kudumpha kukaika miyala kumatayala. Kumanzere kunali thanthwe, kumanja phompho.

Mapulagi anatuluka akuda, onyowa ndi petulo. Tinawaotcha pakamoto ka masamba a paini, a Gondwe akuchepetsa manambala a m'timabokosi tomwe anali asanatikhudzepo. Titabwezeretsa zonse ndinapotokola kiyi. Sitata inangoti kete kete, basi. Batire lija, lomwe tinalivutitsa pa Ntcheu ndi pa Liwonde, linali litatheratu. Kukankha chokwera kunali kosatheka, ndipo kuilizira chobwerera m'mbuyo pakona yoteroyo kunali kufuna maliro.

"Manambala ali bwino tsopano, ndikulumbira," anatero a Gondwe. "Ikangopeza batire ilira. Dikirani ndipeze netiweki, tiitane wina m'tauni abweretse panjinga yamoto." Anatenga foni yanga n'kuyamba kukwera wapansi, akupuma mwawefuwefu, mpaka anazimirira kuseri kwa kona yakumtunda.

Ndili ndekha choncho ndinamva lole ikubwera kuchokera kumunsi. Sindinachite kufunsa kuti ndi ya ndani. Inaima kumbuyo kwanga, ndipo a Bwanali anatsika. Anali bambo wachikulire, wa kachipewa koyera, yemwe tinkapatsana moni pamaliro ndi pa filing'i siteshoni koma osazolowerana.

"Pepani, achimwene. Chavuta n'chiyani?"

"Batire."

"Batire lokha?" Anayang'ana kumtunda, kenako kwa ine. "Che Saidi anandiuza kuti ndibwere ndidzaime pafupi, mwina simufika. Koma malo aja ndi anu, aliyense akudziwa. Ikalira, pitani mukanyamule, ine ndibwerera ku Songani. Sindingadye za mnzanga chifukwa cha batire."

Lole yawo inali ya mabatire awiri. Anamasula limodzi, kulinyamula okha, ndipo tinachotsa langa n'kuika lawo. Nditangokhudza kiyi, injini inalira. Inalira mosalala, mopanda utsi, mmene inali isanalirirepo chichokereni ku Lilongwe. Ndinamva misozi m'maso.

"Eyaa!" anakuwa a Bwanali. "Ndiye pondani moto, ndichotse langali tibwezere lanu."

Umu ndi mmene timachitira tonse, kuyambira ndili kondakitala. Mawaya olumikizira mabatire awiri ndani ali nawo? Umabwereka batire, kuliza galimoto, mnzako n'kuponda moto kuti injini isazime, iwe n'kuchotsa lobwerekalo n'kubwezera lakufalo kuti lizitchajidwa poyenda. Pa depoti, pachigayo, pamaliro, paliponse timatero, ndipo galimoto za kabuleta sizidandaula. Ndinaponda moto.

Nthawi yomweyo a Gondwe anatulukira pakona akuthamanga, mimba ikugwedezeka, manja ali m'mwamba, akukuwa zomwe sitinkamva chifukwa cha injini. Ndinkayesa akusangalala. Ndinatulutsa dzanja pawindo n'kuwaimikira chala chachikulu. A Bwanali nawo anawasekerera, n'kuzula waya wa batire.

Timagetsi ta pa dashibodi tinawala kwambiri kamodzi, injini n'kuzima. Kenako ndinamva fungo la pulasitiki wopsa kuchokera pansi pa chiwongolero.

A Gondwe anafika osatha kulankhula. Anagwada, kugwira kabokosi kaja n'kubweza dzanja msanga. Tinalumikizanso batire la a Bwanali, a Gondwe n'kulumikiza laputopu. Timabokosi ta manambala tija sitinabwerenso. Anazimitsa, kuyatsa, kusintha waya, kuona mafyuzi onse. Kenako anatsegula kabokosiko ndi sikuludiraiva n'kutionetsa pomwe panadetsedwa ndi moto.

"Batire ndi lomwe limameza moto wochuluka wochokera ku alitaneta yotchaja batire ija," anatero ndi mawu otsika. "Mukalichotsa injini ikuthamanga, moto wonsewo umathamangira mu kompyuta. Ndinaiwala kukuuzani. Yapsa, akulu."

"Singakonzeke?"

Anapukusa mutu. Ina inayenera kuchokera ku Joni, ndipo mwezi ukanatha tikudikira. Zoti ndigulitsenso kuti ndiipeze, kunyumba kunalibe.

A Bwanali anali chiimire, sipanala ili m'manja. "Ine ndimati ndithandize," anatero. Anabwerezanso kachiwiri, ngati kuti ndawatsutsa. Ndikanakonda akanakhala munthu woipa, bwenzi nditapeza womukalipira. Anati anyamule lero lokha m'dzina langa, mawa ndipitirize. Koma tonse tinkadziwa kuti mawa pikapu idzakhala ili pomwepo, ndipo ocheka sangadye kudikira.

"Pitani, a Bwanali. Che Saidi akudikira."

A Bwanali atabwezera batire lawo mu lole, amuna a nkhuni anatithandiza kukankhira pikapu pambali kuti lole idutse. Tinatsala awiri titakhala pamwala. Mtsikana wogulitsa mabulosi anabwera ndi kambale kake, kutiyang'ana kumaso, n'kupitirira. Kumtunda kunkamveka macheka, ndipo patapita nthawi ndinamva phokoso la matabwa akuponyedwa mu lole, limodzi ndi limodzi. Ndinkalidziwa bwino phokoso limenelo, ndipo linandipweteka kuposa chilichonse cha paulendowu.

Lole inatsika masana itadzaza mpaka pamwamba. A Bwanali anaima n'kutiuza kuti tikwere, pikapu adzaikoka mawa lole ili yopanda katundu. Tinaisiya m'manja mwa bambo wina wogulitsa mbatatesi pafupi pomwepo. Kutsogolo kunali malo a munthu mmodzi, ndipo ndinawasiyira a Gondwe poti ndi mlendo. Ine ndinakwera pamwamba pa matabwa n'kugwira chingwe. Utomoni unkandimata m'manja, tauni ikuyandikira kumunsi, madenga a ku Chikanda akuoneka patali. Amuna a nkhuni omwe anandikuwira m'mawa aja tinawapeza akubwerera chokwera ndi njinga zopanda katundu. Anandiona pamwamba paja, ndipo palibe amene anakuwa.

A Bwanali sankadziwa komwe katundu amatsikira, ndiye ndinkagogoda padenga kuwalozera njira mpaka pabwalo la matabwa kuseri kwa msika. Ogula a ku Blantyre anali pomwepo, pamodzi ndi akalipentala omwe ndinawatumikira zaka zonsezi. Mmodzi wa akalipentalawo anathamangira kudzandigwira dzanja ndisanatsike n'komwe.

"A Makwinja, mwafika nawo! Mpaka kubwereka lole? Ndiye Lolemba mutibweretsere ena, tikuimbirani."

Ndinatsika pang'onopang'ono. A Bwanali anali ataima pafupi ndi chitseko cha lole, maso ali pansi. Ndinawagwira pamkono n'kuwabweretsa kutsogolo.

"Awa ndi a Bwanali a ku Songani," ndinatero. "Tengani nambala yawo. Kuyambira lero muziimbira iwowa."

Kenako ndinavula jekete n'kuyamba kumasula zingwe, chifukwa anyamata otsitsa katundu anali asanafike.